NGONGOLE YA MUNTHU WODZIWA

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Namitete amapadziwa pa Chitedze, mtunda wa makilomita 16 kuchokera mumzinda. Pamenepo pali minda yosiyana ndi yathu: timinda ting'onoting'ono toyeza ndi chingwe, kalikonse ndi chikhomo chake ndi nambala yake. Malowa adatsekulidwa m'chaka cha 1948, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mwakhala anthu amene ntchito yawo ndi kufunsa mafunso: mbewu iyi ikufotanji pamene inzake ili bwino, nthaka iyi ikusowa chiyani, kachilombo aka kamaswana mwezi wanji. Mtedza wa CG7, umene mabanja ambiri a kuno amaudziwa, udatuluka m'timinda timeneti m'chaka cha 1990, mothandizana ndi bungwe la ICRISAT limene lidayamba ntchito yake pa Chitedze mu 1982.

Tsono, owerenga okondedwa, funso limene ndifuna kuti tilingalire mwezi uno nali. Munthu wotere, amene ali ndi chipinda chake choyezera zinthu, malipiro ake a pamwezi ndi anzake omumvetsa, amatulukiranji kubwera kwa ife? Amadzivutitsiranji kuimirira pa dzuwa tsiku la chionetsero cha zaulimi, kapena kulankhula pa wailesi, kufotokoza m'Chichewa zinthu zimene adaziphunzira m'Chingerezi, kwa anthu amene ena mwa iwo adzamuseka akangotembenuka? Kukwezedwa kwake pa ntchito sikudalira ife. Kumadalira zolemba zake, zimene zimawerengedwa ndi akatswiri anzake a ku maiko akutali. Mayi wa kwa Kabudula sadzamulembera kalata yomuyamikira.

Anthu okayika ali ndi yankho lapafupi. Amati akufuna kutchuka, kapena kuti amene adampatsa ndalama za kafukufuku adamlamula kuti akajambulitse ndi alimi, kapenanso kuti pali kampani ya mbewu imene yamtuma. Sindikana kuti zotere zimachitika, pakuti wasayansi naye ndi mwana wa Adamu. Koma yankho limeneli n'loperewera, ndipo kuti tione kuperewera kwake tiyeni titenge nkhani imodzi, ya chuku.

Chuku tonse timachidziwa ndi maso. Chimene maso sadziwa n'chakuti mtundu wina wa chuku, umene akatswiri amautcha Aspergillus flavus, umasiya poizoni m'mtedza ndi m'chimanga. Poizoniyu adadziwika m'chaka cha 1960 ku England, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Adamutcha aflatoxin. Alibe fungo lakuti mungamuzindikire nalo, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Akachuluka kwambiri amapha msanga, monga zidachitikira ku Kenya m'chaka cha 2004, pamene anthu 125 adamwalira atadya chimanga choonongeka. Koma kawirikawiri amagwira ntchito yake mwakachetechete, pang'ono lero, pang'ono mawa, kwa zaka zambiri, mpaka chiwindi chitatheratu. Ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zoyambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo ofufuza aona kuti mwa ana amene amamudya kawirikawiri ambiri amapinimbira.

Maiko a ku Ulaya salandira mtedza wodya anthu ngati poizoniyu wapitirira magawo 4 pa magawo 1,000,000,000. Kunena mwina, magalamu 4 okha m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Motero mtedza wopita kumeneko umayezedwa mosamala. Nanga wotsala? Tonse tikudziwa zimene zimachitika pakhonde ku Nsaru m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Mayi amasankha: wonenepa ndi wosalala, m'thumba la malonda, wonyala, wosweka ndi wakuda, m'lichero. Wa m'licherowo sautaya, pakuti n'chakudya. Amausinja, nsinjiro zake n'kutendera nkhwani kapena kuthira m'phala la mwana. Ndiye kuti mtedza umene uli ndi poizoni wochuluka ndi womwe umalowa m'kamwa mwa wamng'ono wa onse m'banja, ndipo amene akumdyetsa ndi mayi womukonda, amene adamva ku sikelo kuti phala la nsinjiro limakulitsa mwana. Zimene adamvazo n'zoona ndithu.

Taganizani tsopano za munthu amene adaika nsinjiro zoterezi m'makina n'kuona nambala yake. Iye akudziwa, mayi uja sakudziwa. Akalemba zimene wapeza m'Chingerezi, n'kuzitumiza kunja, n'kukhala chete, nzeru zake zateteza mwana wa ku Belgium ndi kusiya mwana wa ku Nambuma. Sadaname, sadabe, sadaphwanye lamulo lililonse la boma. Komabe poyamba Misa, pamene tiulula kuti ndife ochimwa, timawerengera ndi zabwino zomwe zimene tidazisiya osachita. Tikamuyesa ndi muyeso umenewo, munthu ameneyu ali ndi mlandu. Amene waona njoka ikulowa m'nyumba ya mnzake sadikira kuti mwini nyumba amufunse.

Ndiponso kudziwa kwakeko si kwake yekha. Sukulu imene adaphunzirako, kaya ku Bunda kaya ku Chancellor, ofesi imene akukhalamo, malipiro amene akulandira, zonsezi adalipira ndi anthu ena, ndipo mbali ina ya ndalamazo idachokera ku fodya ndi mtedza wa alimi omwewa. Choncho akamabwera kudzatifotokozera tisamuone ngati wopereka zachifundo: akubweza ngongole. Obweza ngongoleyi alipo pakati pathu. Titha kutchula Pulofesa Limbikani Matumba, amene adagwirapo ntchito pa Chitedze asanapite kukaphunzitsa ku yunivesite ya LUANAR. Wafufuza za poizoni wa chuku m'zakudya zathu kwa zaka zambiri, ndipo nkhaniyi sadaitsekere m'mabuku a akatswiri okha. Wakhala akuifotokozeranso anthu wamba.

Koma kabwezedwe kake nako n'kofunika kukaona. Njira yachidule ndiyo kulamula: chitani chakuti, musachite chakuti, ife tidaphunzira. Dziko lino lidailawapo njira imeneyi. Agogo athu akukumbukira malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda lidakakamiza anthu kupanga mizere yopingasa ndi migula. Amene adakana ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa kumene. Zakuti madzi a mvula amakokolola nthaka zidali zoona, koma choonadi chidabwera ndi kapitawo ndi khoti, ndipo anthu adadana nacho pamodzi ndi ochibweretsawo.

Ngakhale popanda chindapusa, munthu amene amangomvera chifukwa wolankhulayo wavala jekete loyera ali pangozi. Mawa kudzabwera wina wa pakamwa pokoma kuposa, wonyamula chimkuzamawu tsiku la msika pa Namitete, n'kunena kuti botolo lake limachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka nthawi imodzi. Munthu uja adzamveranso, pakuti chimene adaphunzira ndi kumvera basi. M'chaka cha 1995 anthu zikwizikwi adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe, amene ankati adalota mankhwala ochiza Edzi. Pakati pawo padali ophunzira kwambiri, a magalimoto awoawo. Sitingawaseke, popeza nthawi imeneyo mankhwala otalikitsa moyo munalibe m'zipatala zathu ndipo maliro adali a tsiku ndi tsiku. Koma Edzi sidachoke, ndipo funso limene likadathandiza lidali lalifupi: mwa amene adamwa, ndi angati adayezedwa magazi asanamwe ndiponso atamwa?

Funso la mtundu umenewu ndilo chuma chachikulu cha wasayansi, kuposa mayankho ake onse. Timinda ta pa Chitedze tija ndi njira chabe yodziletsa kuti munthu asadzinamize yekha. Ukafuna kudziwa ngati mbewu yatsopano ikuposa yakale, suibzala pa chulu, yakaleyo n'kuiika pa mchenga. Umazibzala moyandikana, tsiku limodzi, feteleza wofanana, kupalira kofanana. Umabwereza malo angapo ndi zaka zingapo, chifukwa chaka chimodzi cha mvula yabwino chimakometsa mbewu ina iliyonse. Kenaka umayeza pa sikelo, popeza maso amakondera chimene mtima ukufuna. Mu zonsezi mulibe chimene mlimi wa ku Mpingu sangachite m'munda mwake ndi mizere 10. Wasayansi amene waphunzitsa mlimi zimenezi wamusiyira khasu limene lidzalimabe iye atapuma pa ntchito, ngakhale m'minda imene iyeyo sadaiponde.

Pa nkhani ya chuku ntchitoyi imavuta koposa, chifukwa mdaniyo saoneka ndipo zotsatira zake zimachedwa. Agogo akhoza kufunsa kuti: "Ife tadya nsinjiro zoterezi chibadwire, nanga tili moyo bwanji?" Funso limeneli ndi labwino, la mtundu womwewo umene wasayansi amaufuna, ndipo akalinyoza wadzitsutsa yekha. Ayenera kuliyankha moleza mtima. Afotokoze kuti si onse osuta fodya amene amadwala khansa, komabe mukatenga osuta 1,000 ndi osasuta 1,000, odwala amachuluka mbali ya osutawo. Afotokozenso kuti amene poizoni adawatenga sali pano kuti achitire umboni; tikumva kwa otsala okha. Kuganiza mowerengera anthu ambiri, m'malo mogwira chitsanzo chimodzi cha pafupi, munthu sabadwa nako. N'chifukwa chake kulengeza kamodzi pa wailesi sikukwanira.

Tsono amene aphunzitsa anthu kufunsa adziwiretu kuti mafunsowo adzamutembenukira, ndipo pa Chitedze pomwepo zidachitika. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 alangizi adayenda m'midzi ya kuno kumadzulo kwa Lilongwe, kumene chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chidayamba mu 1968, kulimbikitsa chimanga cha haibulidi. Pa sikelo chinkaposadi chamakolo. Koma alimi ambiri ankangolima pang'ono chokagulitsa ku ADMARC, chakudya n'kubzala chamakolo, kotero kuti mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 haibulidi sadapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a minda ya chimanga m'dziko muno. Kudali kosavuta kunena kuti alimi ndi osamva, okakamira zakale.

Koma amayi adali ndi sikelo yawo, ndiyo mtondo. Haibulidi wa nthawi imeneyo adali wa maso ofewa. Ukamukonola ankanyenyeka, mphale yambiri n'kupita ku madeya, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankamuyamba msanga. Katswiri ankawerenga matumba pa tsiku lokolola. Mayi ankayang'ana ufa woyera umene watsala m'mwezi wa Januwale. Onse awiri ankayeza, koma mayi ndiye ankayeza chinthu chimene banja limadya. Ofufuza a pa Chitedze, pakati pawo Dr. B.T. Zambezi, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, adalitenga dandaulo limeneli ngati funso la sayansi, ndipo m'chaka cha 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18, haibulidi wa maso olimbirapo, wokonoleka. Ine ndimaona kuti kumva kumeneku kudalemekeza malowa kuposa mbewu zenizenizo. Apa tapeza chifukwa china chotulutsa wasayansi m'chipinda chake, chosakoma kwenikweni ku mtima wonyada: pali zimene sangazidziwe akapanda kutsutsidwa ndi anthu amene sadapite patali ndi sukulu.

Makolo ena achikhristu ali ndi nkhawa, ndipo ndiyenera kuitchula. Amati mwana akazolowera kufunsa kuti "mwadziwa bwanji" pa za mbewu, mawa adzafunsa chimodzimodzi pa za Mulungu, mkuja wasiya tchalitchi. Inde, adzafunsa. Koma ndani adatiuza kuti Mulungu amaopa mafunso? Amayi Maria, mngelo atawauza uthenga, adayamba afunsa za m'mene zidzachitikire asanavomere. Tomasi adafuna umboni, ndipo Ambuye, ngakhale adamdzudzula, adamuonetsabe mabala awo. Malamulo a m'mene makhalidwe amapitira kuchoka kwa kholo kunka kwa mwana, amene aliyense wokwatitsa mbewu pa Chitedze amatsamirapo, adawatulukira ndi wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, Bambo Gregor Mendel. Kuyambira 1856 mpaka 1863 iwo adabzala ndi kuwerenga nsawawa zikwi zambiri m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno. Adafotokoza zimene adapeza mu 1865, anthu osalabadira. Adamwalira mu 1884, ndipo dziko lidazindikira ntchito yawo mu 1900.

Mpingo nawo udaphunzirapo movutikira pa nkhani imeneyi. Mu 1633 akuluakulu a ku Roma adaweruza Galileo chifukwa chophunzitsa kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa, ndipo mu 1992 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja adatiyendera mu Meyi 1989, adavomera poyera kuti oweruzawo adalakwitsa. Mu 1998 Papa yemweyo adalemba kalata yotchedwa Fides et Ratio, yophunzitsa kuti chikhulupiriro ndi nzeru zimafunana. Chimene mwana ayenera kuphunzitsidwa ndi kusiyanitsa mafunso. Zakuti mtedza uli ndi poizoni kapena ulibe, amayankha ndi makina. Zakuti mwana wa mlimi wosauka ndi wa mtengo wapatali chimodzimodzi ndi mwana wa ku Belgium, makina sangatiuze. Ndipo popanda zimenezo nkhani yonse ya ngongole ija ilibe poimira. Wasayansi amene anganene kuti Mulungu kulibe popeza saoneka m'galasi lake wadumpha malire a munda wake, ndipo ayenera kubwezeredwa funso lake lomwe lija: mwadziwa bwanji?

Ine ndikuona kuti m'mabanja mwathu chimene chimatsekereza mafunso kwenikweni ndi mwambo wathu wa ulemu. Kwathu kuno mwana akafunsa wamkulu kuti wadziwa bwanji, timati ndi mwano. Timati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo nthawi zambiri amakomadi. Koma mwambi womwewo ukuvomera kuti mawuwo amayesedwa, kuti pafunika nthawi kuti aoneke ngati ndi oona. Mwana angathe kufunsa atagwada, ndi mawu otsika, ndipo kholo lingathe kuyankha kuti "tiye tikaone" osatsika pa ukulu wake.

Kuti muone chimene chili pachiswe, tiyerekeze bambo wa zaka 40 amene wayamba kuonda, maso achikasu, mimba kutupa. Apita naye ku chipatala cha St. Gabriel ku Namitete, chimene Asisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg adachiyambitsa mu 1959, ndipo madokotala anena kuti chiwindi chatha. Abwerera naye kumudzi, amwalira. Pa siwa manong'onong'o ayamba: mimba yotupa chonchi si matenda a Mulungu, alipo wamudyetsa. Maso onse atembenukira kwa gogo wina wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Kumene zotere zimathera tikukudziwa. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa ndi anthu olusa, mphezi itapha mtsikana. Lamulo la boma la 1911 lidaletsa kutchula munthu mfiti, aepiskopi athu adzudzula mchitidwewu kambirimbiri, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limaletsa umboni wonama. Koma pa tsiku la maliro, amene angapulumutse gogoyo ndi munthu mmodzi wa m'mudzi momwemo, kapena wa mu mphakati, amene adamvapo kuti chiwindi chimaonongeka ndi kachasu, ndi hepatitis B, ndi chuku, ndipo ali ndi mtima woimirira n'kufunsa oloza chalawo kuti adziwa bwanji. Wasayansi sadzapezeka pa malirowo. Chimene chingapezekepo ndi funso lake, ngati adalisiya m'mudzimo.

Pali malo amodzi pamene wasayansi woona mtima amasowa mawu okoma. Zambiri zimene amalangiza sizilira ndalama: kukumba mtedza pa nthawi yake, kuuumitsa bwino mosaugoneka pa dothi lonyowa, kuleka kuwaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, kusunga matumba pa thandala, malo ouma. Izi banja lililonse lingathe kuziyamba chaka chino. Koma akafika pa mtedza wa m'lichero uja, langizo lake ndi lakuti wovunda ndi wachuku utayidwe, ukwiriridwe, usapatsidwe ngakhale ng'ombe ya mkaka, popeza poizoniyo amatulukira mu mkaka. Mayi adzamuyang'ana n'kufunsa kuti nanga mwana adzadya chiyani mu Febuluwale, pakuti mtedza wabwino udapita kwa venda kuti papezeke fizi ndi feteleza, ndipo vendayo sadaonjezepo ngakhale tambala chifukwa choti udasankhidwa bwino.

Funso ili makina a pa Chitedze saliyankha. Wasayansi angathe kunena chimene akudziwa: kuti poizoni wambiri amakhala m'njere zochepa zoonongekazo, kotero kuti kupatula ndowa imodzi ya mtedza wabwino ya phala la mwana, malonda asanayambe, kumachepetsa ngoziyo kwambiri. Zotsalazo, za mitengo ya pa msika ndi za kuyeza chiponde ndi nsinjiro zogulitsidwa m'magolosale athu, ayenera kupita nazo ku Capital Hill ndi ku bungwe la Malawi Bureau of Standards, kumene adzafunikanso kufotokoza kuyambira pachiyambi, ulendo uno kwa anthu ovala mataye.